Lamba wa pachifuwa kapena wotchi ya pamkono: ndi chiti chimayezadi mtima wa wothamanga?

Tsiku lina m'mawa kukuzizira, nditathamanga makilomita awiri okha, wotchi ya pamkono inandiuza kuti mtima wanga ukugunda maulendo 172 pa mphindi, chonsecho ndinkapuma bwinobwino moti ndikanatha kucheza ndi munthu popanda kudukiza mawu. Lamba amene ndinamanga pachifuwa tsiku lomwelo, yemwe ankatumiza manambala ake ku foni, analemba 139 pa nthawi yomweyo. Nditamaliza n'kuyika manambala onse awiri pamodzi, ndinaona kuti 172 ija sinali ya mtima ayi, koma inali chiwerengero cha maulendo amene mapazi anga ankaponda pansi pa mphindi iliyonse. Wotchiyo inatenga kugwedezeka kwa mkono n'kukuyesa kugunda kwa mtima, ndipo inakakamira pomwepo kwa mphindi pafupifupi 10 isanabwerere m'chimake. Dzina la kampani yake sindilitchula, popeza vuto limeneli si la kampani imodzi, koma limachokera m'njira imene mawotchi onse a mtundu umenewu amayezera mtima.

Kwa chaka ndi miyezi iwiri ndakhala ndikuthamanga nditavala zipangizo zinayi mosinthasintha, ndipo masiku ena ndinkavala zonse pamodzi ngati wodwala amene akumupima: lamba wa pachifuwa wa Polar H10, wotchi yokhala ndi GPS, kalamba kovala kumtunda kwa chigongono, ndi kachipangizo komangirira pa zingwe za nsapato. Zonsezi zilibe mawaya, ndipo zimatumiza zimene zamva ku foni kapena ku wotchi kudzera m'mafunde a wailesi. Chimene ndachipeza n'chakuti zipangizozi zimayezadi zinthu zochepa kwambiri, pomwe zambiri zimene zimaoneka pa sikirini n'zongoyerekeza, zowerengeredwa kuchokera pa zochepa zija. Choipa chake n'chakuti sikiriniyo imaonetsa nambala yoyezedwa ndi nambala yongoganizira m'zilembo zofanana, ndipo wogula sauzidwa kuti ina ndi iti.

Luso limeneli lachokera kutali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Norman Holter wa ku Montana m'dziko la America anapanga chipangizo chotumiza zizindikiro za mtima pa wailesi, koma chinali chikwama chobereka kumsana cholemera makilogalamu pafupifupi 38, katundu amene palibe akanathamanga naye ngakhale mamita 100. Kampani ya Polar inakhazikitsidwa mu 1977 m'dziko la Finland ndi Seppo Säynäjäkangas, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Oulu, ndipo mu 1982 inatulutsa chipangizo choyamba chopanda mawaya choyezera kugunda kwa mtima chimene munthu ankavala pochita masewera. Kapangidwe kake kanali komweka kamene tikukaona lero, lamba pachifuwa ndi cholandirira manambala pamkono, ndipo patatha zaka zoposa 40, ofufuza ambiri akafuna kuyesa wotchi yatsopano amaiyerekezabe ndi lamba.

Chifukwa chake chili m'mene mtima umagwirira ntchito. Mtima usanapope magazi, m'minofu yake mumadutsa kamphamvu kochepa ka magetsi kamene kamaiuza kuti ifinye, ndipo kamphamvuko kamamveka mpaka pakhungu. Makina a ECG a kuchipatala amawerenga mphamvu imeneyi, ndipo lamba wa pachifuwa amamva yomweyo kudzera m'tizigamba tosalala timene tili mkati mwake, togunda pakhungu. Choncho lamba sadikira kuona zotsatira za kugunda kwa mtima kwinakwake m'thupi, koma amamva kugundako pamene kukuyambira, ndipo amatha kuwerenga ngakhale kanthawi kamene kali pakati pa kugunda kumodzi ndi kotsatira. Lamba wa H10 anatuluka mu 2017, ndipo pamodzi ndi kachipangizo kake kolumikiza ndi mabatani awiri kutsogolo amalemera magalamu pafupifupi 60, moti munthu akathamanga mphindi zingapo amaiwala kuti wavala kanthu. Amayendera batire laling'ono lozungulira ngati ndalama yachitsulo, la mtundu wa CR2025, limene kampaniyo imati limakhala maola 400. Kwa munthu wothamanga maola 5 pa mlungu, imeneyo ndi milungu 80, ndipo pakati pa zipangizo zinayi zija ndi chokhachi chimene sindinachiiwalepo kutchaja, chifukwa sichitchajidwa n'komwe.

Pa nkhani ya kulumikizana, lamba ameneyu ndi womasuka kuposa mmene ndinkayembekezera. Amalumikizana ndi zipangizo ziwiri nthawi imodzi kudzera pa Bluetooth, amatumizanso manambala pa ANT+, njira imene inapangidwa ndi kampani ya Dynastream ya ku Canada, yomwe kampani yopanga mawotchi a GPS ya Garmin inaigula mu 2006, komanso pa mafunde akale a 5 kHz amene makina ambiri othamangirapo m'nyumba zochitira masewera amamva. Tanthauzo lake n'lakuti munthu sakakamizidwa kugula wotchi ya kampani yomweyo, ndipo akadzasintha wotchi kapena foni, lamba amakhalabe wa ntchito. Alinso ndi malo osungiramo ulendo umodzi wothamanga, moti mukhoza kumuyambitsa pa pulogalamu ya pafoni, n'kusiya foniyo, n'kudzakopera zonse mutabwerako.

Ubwino wa lamba umaonekera kwambiri pa masiku othamanga mwamphamvu kwa kanthawi, n'kupuma, n'kubwerezanso. Ndikathamanga mamita 400 maulendo 8, mzere umene lamba amajambula umaoneka ngati mano a sowo: umakwera mofulumira ndikayamba, umafika pamwamba ndikamamaliza, ndipo umatsika ndikangoima. Mzere wa wotchi wa tsiku lomwelo umaoneka ngati zitunda zosalala zimene zachedwa kufika, ndipo nthawi zina umafika pamwamba ine nditaima kale, manja ali m'chiuno. Kwa munthu amene akufuna kudziwa kuti mtima wake ukutsika msanga bwanji pa mphindi yoyamba yopuma, chomwe ndi chizindikiro chabwino cha mmene thupi likulimbira, kuchedwa kumeneku kumawononga nambala yonse. Komabe chilungamo chake n'chakuti mtima weniweniwo nawonso umachedwa kutsatira miyendo, moti pa liwiro la masekondi 20 kapena 30 palibe chipangizo choyeza mtima chimene chingakuuzeni zanzeru, ngakhale chikhale cholondola chotani.

Malamba onse a pachifuwa ali ndi zovuta zake, ndipo zambiri zimachokera pa mfundo imodzi, yakuti magetsi sadutsa bwino pakhungu louma. Munthu akaiwala kunyowetsa tizigamba tija asanamange lamba, mphindi zoyambirira zimadzaza ndi manambala opanda mutu, mwina 200 ndi kupitirira, mpaka thukuta litayamba kutuluka. Malaya a nsalu zoterera zopangidwa ku fakitale akamakhuzana ndi lamba m'nyengo youma amapanganso timagetsi tawo tosokoneza. Lamba amafunika kutsukidwa akavulidwa chifukwa mchere wa m'thukuta umamuwononga, ndipo kachipangizo kakutsogolo kamayenera kuchotsedwa kuti batire lisamathe pachabe. Pali ndithu anthu amene sapirira chinthu chomanga pachifuwa pamene akufuna mpweya wambiri, ndipo akazi ena amavutika kupeza malo a lamba pansi pa chovala chawo chothamangira. Lamba wina wakale wa kampani ina, amene ndinali naye zaka zapitazo, anandisupula khungu pansi pa chifuwa pa ulendo wa makilomita 25, ndipo bala lake ndinalidziwa pamene madzi osamba analikhudza. Kuchokera pamenepo ndimapaka mafuta pang'ono m'mphepete mwa lamba aliyense ulendo ukakhala wautali, koma osati pa tizigamba tomva magetsi.

Wotchi ya pamkono imayenda njira ina kotheratu. Kunsi kwake kuli timababu tobiriwira timene timawalitsa mkati mwa khungu, ndi kadiso kamene kamayang'ana kuwala kobwerera. Magazi amameza kuwala kobiriwira, choncho mtima ukapopa n'kudzaza timitsempha ta pakhungu, kuwala kobwerera kumachepa, ndipo magaziwo akadutsa kumachulukanso. Wotchi imawerenga kusinthasintha kumeneku n'kukutcha kugunda kwa mtima. Nzeru yake ndi yabwino, koma pamene wotchi imavalidwa ndi pamalo povuta, pa mafupa ndi mitsempha yolimba, pomwe mnofu ndi wochepa, ndiponso mkono wa wothamanga sukhala phee. Kukazizira, thupi limachepetsa magazi opita kumanja pofuna kusunga kutentha, moti chizindikiro cha mtima chimafooka pomwe chizindikiro cha kugwedezeka chikadali champhamvu. Popeza anthu ambiri amaponda pansi maulendo apakati pa 155 ndi 180 pa mphindi, chiwerengero chimene mtima wa wothamanga ungathenso kufikapo, wotchi imasowa chozindikirira kuti yagwira cholakwika. Izi ndi zimene zinandichitikira m'mawa uja. Zinthu zinasintha ndithu nditayamba kuivala kumtunda pang'ono kwa kafupa kotuluka ka pamkono, n'kuimanga mothina kuposa mmene ndimaivalira masana, ndipo pa ulendo wa liwiro losasintha kukutentha, kusiyana kwake ndi lamba kawirikawiri sikunkapitirira 3 kapena 4.

Pali funso limene otsatsa malonda salikonda, la mtundu wa khungu, popeza khungu lakuda limameza kuwala kobiriwira kwambiri kuposa khungu loyera. Mu 2017 ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anayesa zipangizo 7 zovala pamkono pa anthu 60, ndipo anapeza kuti 6 mwa izo zinkayeza mtima molakwitsa ndi zosakwana 5 peresenti, koma anaonanso kuti kulakwitsako kunkakula pa anthu a khungu lakuda ndi pa anthu onenepa. Kafukufuku wina wa mu 2020 wa pa yunivesite ya Duke, amene anachitidwa pa anthu 53 a makungu osiyanasiyana, sanapeze kusiyana kwenikweni kobwera chifukwa cha khungu, koma anapeza kuti kulakwitsa kunkakula ndi pafupifupi 30 peresenti munthu akamachita zolimbitsa thupi poyerekeza ndi pamene wangokhala. Chaka chomwecho, madokotala a pa yunivesite ya Michigan anasonyeza kuti tizipangizo ta kuchipatala topana chala, toyeza okosijeni m'magazi pogwiritsa ntchito kuwala, tinkalephera kuzindikira kuchepa kwa okosijeni mwa odwala akuda maulendo pafupifupi atatu kuposa mwa odwala oyera. Poona zonsezi, ine ndimati munthu wa khungu lakuda, ngakhalenso amene ali ndi zojambula zapakhungu pamalo ovala wotchi, asamangokhulupirira zolembedwa pa bokosi. Kuyesa kwake n'kosavuta, chifukwa mukhoza kuima pakati pa ulendo, kugwira mtsempha wa m'khosi kapena wa pamkono, kuwerenga kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa ndi 4, kenako n'kuyerekeza ndi zimene wotchi ikunena. Lamba wa pachifuwa alibe nazo ntchito za mtundu wa khungu, popeza sagwiritsa ntchito kuwala.

Kalamba ka kumtunda kwa chigongono kamagwiritsa ntchito kuwala komweko, koma kamakhala pamalo a mnofu wambiri, pomwe magazi amayenda bwino ndiponso sipagwedezeka kwambiri ngati pafupi ndi dzanja. Polar Verity Sense, imene inatuluka mu 2021, ndi chitsanzo chodziwika cha zipangizo zoterezi, ndipo makampani monga Scosche ndi COROS ali ndi zawo. Kamene ndinayesa ine kankatsatira lamba wa pachifuwa pafupi kwambiri pa maulendo aatali, ndipo kankangotsalira masekondi ochepa ndikasintha liwiro mwadzidzidzi. Kwa amene amadana ndi chomanga pachifuwa, ili ndiye yankho, malinga akumbukire kuti ndi chinthu chinanso chofuna kutchaja.

Mtunda ndi liwiro zimachokera ku GPS, ndipo pamenepa wotchi ndiye mwini ntchito. Masetilaiti a GPS amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, ndipo kuyambira mu May 2000, pamene boma la America linasiya kusokoneza mwadala zizindikiro zopita kwa anthu wamba, zinatheka kuyeza ulendo wa munthu wapansi molondola ndithu. Garmin inatulutsa wotchi ya GPS yotchedwa Forerunner 201 mu 2003, ndipo mawotchi a masiku ano amamvanso masetilaiti a GLONASS a Russia, Galileo a mayiko a ku Ulaya, ndi BeiDou a China, pomwe ena, monga Forerunner 255 ya mu 2022, amamvetsera mafunde a mitundu iwiri nthawi imodzi pofuna kuchepetsa kusochera pakati pa nyumba zitalizitali ndi pansi pa mitengo yowirira. Mtunda wa ulendo wonse nthawi zambiri umakhala pafupi ndi choonadi, koma liwiro la pa sekondi imeneyo limadumphadumpha, moti ndi bwino kuika pa sikirini liwiro la kilomita yonse imene mukuthamanga. Othamanga ambiri amadandaula akamaliza marathon ya makilomita 42.195 n'kupeza kuti wotchi yawerenga 42.6 kapena kuposa, ndipo amati okonza mpikisano anatalikitsa njira. Zoona zake n'zakuti njira ya mpikisano wovomerezeka imayezedwa ndi njinga yokhala ndi kowerengera kotchedwa Jones counter, potsata mzere waufupi kwambiri umene munthu angadutse, ndipo oyezawo amawonjezera mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti njirayo isaperewere. Wothamanga amene akuzemba anzake, kupatukira kotunga madzi ndi kukhota motalikira pa ngodya amathamangadi mtunda woposa pamenepo, ndipo GPS imawonjezerapo zolakwitsa zake.

Pa nkhani ya kachipangizo ka pansapato sindikhalapo nthawi yaitali. Kamamva kugwedezeka kwa phazi n'kuwerenga maulendo oponda pansi, nthawi imene phazi likukhala pansi, ndi mtunda, ndipo pa makina othamangirapo m'nyumba, pomwe GPS ilibe ntchito, n'kothandiza. Kampani ya Stryd ya ku Boulder, Colorado, ndi imene inatchukitsa nambala ya mphamvu ya wothamanga m'ma watt. Koma pa njinga mphamvu imeneyi imayezedwa ndi kachipangizo komva kupindika kwa chitsulo chimene phazi likukankha, pomwe pothamanga imangowerengeredwa, ndipo makampani sanagwirizane njira imodzi yowerengera, moti zipangizo ziwiri pathupi limodzi zimapereka ma watt osiyana kutali. Nayonso nambala yotchuka ya maulendo 180 oponda pansi pa mphindi, imene ambiri amaitenga ngati lamulo la kapondedwe, inachokera pa zimene mphunzitsi wa othamanga Jack Daniels anaona pa masewera a Olympic a mu 1984 ku Los Angeles, ndipo amene ankawawerengawo anali akatswiri ali pa mpikisano. Munthu wamtali amene akuthamanga pang'onopang'ono alibe chifukwa chodzizunzira kuti afike pamenepo.

Tikafika pa manambala ongoyerekeza, woyamba kukayikiridwa ndi wa ma calorie. Kafukufuku wa ku Stanford uja anapeza kuti pa zipangizo zonse 7 panalibe chimene chinayeza bwino mphamvu imene thupi lagwiritsa ntchito, moti chochita bwino kwambiri chinalakwitsa ndi 27 peresenti, pomwe chotsiriza chinalakwitsa ndi 93 peresenti. Munthu amene akufuna kuchepetsa thupi n'kumadya motsatira nambala imeneyi akhoza kudabwa kuti sikelo siikusuntha. Nambala ya VO2max, yosonyeza kuchuluka kwa okosijeni amene thupi lingagwiritse ntchito likafika pamapeto pa mphamvu zake, imayezedwa moyenera m'chipinda chofufuzira, munthu atavala chophimba pakamwa ndi pamphuno. Wotchi imangoona liwiro lanu, n'kuliyerekeza ndi kugunda kwa mtima, n'kuganizira zotsalazo motsatira masamu onga amene kampani ya Firstbeat ya ku Jyväskylä, Finland, inapanga, yomwe gawo lake lowerengera zimenezi linagulidwa ndi Garmin mu 2020. Masamuwo si achibwana, koma akalandira nambala ya mtima yolakwika amatulutsanso yankho lolakwika, ndipo mlungu wotentha kapena njira ya mchenga zikhoza kutsitsa nambalayo thupi lisanasinthe kalikonse. Ndimaiona ngati yothandiza pokhapokha ndikaiyang'ana pa miyezi itatu kapena inayi, osati tsiku ndi tsiku.

Chimene chimasocheretsa anthu ambiri mwakachetechete ndi magawo a kugunda kwa mtima, aja amaonetsedwa ndi mitundu kuyambira wotuwa mpaka wofiira. Magawowa amawerengeredwa kuchokera pa malire apamwamba a mtima wa munthu, ndipo mawotchi ambiri akangotuluka m'bokosi amapeza malirewo pochotsa zaka za munthu pa 220. Njira imeneyi inatchuka m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2001 Hirofumi Tanaka ndi anzake anapereka ina, yochulukitsa zaka ndi 0.7 n'kuchotsa yankho pa 208, koma njira zonse ziwiri zimanena za gulu la anthu, ndipo munthu payekha akhoza kusiyana nazo ndi 10 kapena kuposa, kumwamba kapena kunsi. Ine ndili ndi zaka 44, choncho njira yoyamba imandipatsa 176 ndipo yachiwiri 177, koma kumapeto kwa mpikisano wa makilomita 5 lamba analemba 188. Kwa miyezi yambiri wotchi inkandichenjeza kuti ndili m'gawo lofiira pomwe ndinali ndisanachite befu n'komwe, ndipo inkandilamula kupuma masiku atatu pambuyo pa ulendo umene sunanditopetse. Nditalowetsa ndekha nambala yoona, malangizo ake onse anasintha tsiku lomwelo, ngakhale thupi linali lomwe lija.

Phindu lenileni limene ndapeza pa zipangizozi silinali limene ndinkagulira. Ndinkaganiza kuti zindithandiza kuthamanga mwaliwiro, koma ntchito yaikulu imene lamba wandigwirira ndi kundiletsa. Stephen Seiler, katswiri wa ku America amene amagwira ntchito ku Norway, anaonetsa kuti akatswiri a masewera a mtunda wautali amachita pafupifupi 80 peresenti ya maphunziro awo mofatsa, ndipo gawo laling'ono lotsalalo ndi limene amalichita mwamphamvu. Ife othamanga wamba timachita zosiyana, chifukwa tsiku lililonse timathamanga pakatikati, mothamanga kwambiri moti thupi silipuma, koma mosakwanira kuti liphunzire liwiro latsopano, ndipo timatero chifukwa kuthamanga pang'onopang'ono anthu akuona kumachititsa manyazi. Nditadziikira malire akuti mtima usapitirire maulendo 145 pa mphindi pa masiku ofatsa, milungu yoyamba inali yowawa mumtima, popeza pa chitunda chilichonse ndinkayenera kuyenda, ndipo anthu amene ndinkawapitirira kale anayamba kundisiya m'mbuyo. Patatha miyezi isanu, pa 145 pomwepo, kilomita imene inkanditengera mphindi 6 ndi masekondi 50 inayamba kunditengera mphindi 6 ndi masekondi 10, ndipo miyendo inkafika pa tsiku la liwiro ili yopepuka. Zimenezi sizikanatheka ndi chipangizo chimene nthawi zina chimawerenga mapazi m'malo mwa mtima, chifukwa malire amene munthu sawakhulupirira amawaswa msanga.

Lamba anandionetsanso chinthu chimene ndinkachimva m'thupi koma osachimvetsa. Pa tsiku lotentha, ngakhale liwiro likhale lomwelo, mtima umakwera pang'onopang'ono ola likamatha, chifukwa magazi ambiri amapita kukhungu kukataya kutentha, thukuta limachepetsa madzi a m'magazi, ndipo mtima ukamapopa ochepa pa kugunda kulikonse umabwezera pogunda mofulumira. Kuona nambala ikuchoka pa 142 kufika pa 155 popanda kuwonjezera liwiro kunandiphunzitsa kumwa madzi msanga ndi kuchepetsa liwiro dzuwa likakwera, m'malo modziimba mlandu wa ulesi.

Wotchi nayo ili ndi nthawi imene imaposa lamba, ndiyo usiku. Munthu akagona mkono umakhala phee, kuwala kumawerenga bwino, ndipo m'mawa mumapeza kugunda kwa mtima wopuma, komwe kwa akuluakulu ambiri kumakhala pakati pa 60 ndi 100, pomwe kwa othamanga ozolowera kumatsika mpaka m'ma 50 kapena m'ma 40. Nambala imeneyi ikakwera ndi 6 kapena 7 kuposa masiku onse, kwa ine kawirikawiri kumakhala kusagona mokwanira, kutopa kounjikana, kapena chimfine chimene chikubwera. Apa ndi pofunika kunena momveka kuti zipangizozi si dokotala. Mawotchi ena, kuyambira pa Apple Watch Series 4 ya mu 2018, amajambula ECG ya mzere umodzi, pomwe ya kuchipatala imakhala ya mizere 12, ndipo sangazindikire matenda ambiri a mtima. Kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kukomoka pothamanga n'zofunika kuonana ndi dokotala ngakhale sikirini ikusonyeza zobiriwira zokhazokha, ndipo amene amamwa mankhwala a mtundu wa beta blocker adziwe kuti mankhwalawo amatsitsa kugunda kwa mtima, moti magawo a pa wotchi sawakhudza mofanana ndi ena.

Zonse zimene zipangizozi zimamva zimakathera pa makompyuta a kampani kudzera pa intaneti, ndipo zimaphatikizapo malo amene munthu amayambira ndi kumalizira ulendo wake, komwe nthawi zambiri ndi pakhomo pake. Mu November 2017 kampani ya Strava inatulutsa mapu osonyeza njira zimene anthu ogwiritsa ntchito pulogalamu yake amadutsa pa dziko lonse, ndipo mu January 2018 wophunzira wina wa ku Australia, Nathan Ruser, anaona kuti mapuwo akuonetsa malo a asilikali m'mayiko monga Syria ndi Afghanistan, chifukwa asilikaliwo ankathamanga mozungulira misasa yawo atavala mawotchi. Mapulogalamu ambiri tsopano ali ndi njira yobisira chiyambi ndi mapeto a ulendo, komanso yosankhira amene angaone maulendo anu, koma mwini wake ndiye ayenera kulowa m'makonzedwe n'kuonetsetsa kuti zatsekedwa asanathamange ulendo woyamba.

Kwa munthu amene akungoyamba, amene cholinga chake ndi kutuluka katatu pa mlungu n'kudziwa mtunda umene wayenda, wotchi wamba ya GPS ndi yokwanira, ndipo nambala ya mtima yoyezedwa pamkono imusonyeza chithunzi chapafupi. Amene ali kale ndi foni imene amathamanga nayo, ndipo akufuna kuphunzitsa thupi motsatira mtima, achita bwino kuyamba ndi lamba, yemwe ndi wotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi wotchi yapamwamba koma amapereka nambala yolondola kuposa wotchiyo. Pa malamba amene ndawagwiritsapo ntchito, H10 ndi amene ndingamuuze mnzanga kuti agule osakayika, ngakhale malamba a Garmin a gulu la HRM-Pro ali ndi mwayi wawo kwa amene ali ndi wotchi ya kampaniyo, popeza amawonjezera manambala a kathamangidwe monga kudumpha kwa thupi ndi nthawi imene phazi limakhala pansi. Ine kachipangizo ka pansapato ndinakamasula, ndipo ndimakamangiriranso pokhapokha mvula ikanditsekereza pa makina a m'nyumba. Masiku ano ndimavala wotchi ndi lamba pamodzi, wotchi ikuwerenga mtunda, lamba akuwerenga mtima, ndipo pa sikirini ndinachotsapo ma calorie, ma watt ndi zina zonse, n'kusiya nthawi, mtunda, liwiro la kilomita ndi kugunda kwa mtima. Batire limene lamba anabwera nalo chaka chatha likugwirabe ntchito.